Wayilesi ya Malemu Bambo

Mwa mayesero onse amene amagwera munthu wokalamba wa ku Chamboli, amene chuma chake chonse ndi Peugeot 404 ya 1968 imene malemu bambo ake anaigula ndi thukuta la mu mgodi wa Nkana, palibe lopambana la wayilesi. Pakuti galimoto yotere, ingakhale imatsokomola m'mawa ndi kudontha oyilo usiku, ili nawo ulemu wake, ndipo ulemuwo umakhala pa dashibodi.

Pamenepo pali Blaupunkt ya mabatani asanu ndi singano yofiira, imene masiku ake inkatibweretsera mawu a malemu Dennis Liwewe akuulutsa mpira mpaka bambo kuiwala kusintha giya. Tsoka lake n'lakuti inabadwa ikudziwa MW ndi SW zokha, pamene nyumba zoulutsira mawu za masiku ano, monga Radio Icengelo ya kuno ku Kitwe, zili pa FM. Kotero kuti ndikanyamuka ulendo wa ku Ndola, mtunda wa makilomita ngati 60, chimene ndimamva njira yonse ndi phokoso longa la kapenta ali m'mafuta, ndipo usiku, mwa chisomo, mlaliki wina wakutali wolalikira m'chilankhulo chimene sindichidziwa, amene ndimamuvomereza ndi ameni kuopa kuchimwa.

Anyamata a ku msika wa Chisokone alibe nazo chisoni zimenezi. Wina anasuzumira pawindo nati, "Bashikulu, chotsani chigaza ichi tikuikireni Pioneer ya Bluetooth, yolowa fulashi, ndi sipika yaikulu ku buti." Nditafunsa za malo ake, anatulutsa sowo, nanena kuti dashibodi ayamba waicheka pang'ono. Kucheka! Chitsulo chimene anachiumba Afalansa, chimene chinapirira maenje a misewu yathu kuyambira masiku a a Kaunda, chife ndi sowo chifukwa cha kabokosi kothwanima buluu? Ndinakumbukanso mnzanga wa ku Masala, mwini Morris Minor, amene sanauzidwe kuti magalimoto akale a ku Mangalande waya wa pozitivi ndiye amalumikizidwa ku thupi la galimoto. Wayilesi yake yatsopano inaimba utsi wokhawokha, iye nabwerera kwawo atanyamula maliro m'katoni.

Mwana wanga amandiseka, koma Corolla yake yochokera ku Japan ili ndi wayilesi ya FM yothera pa 90, ndipo popanda kachipangizo koonjezera sangamve zambiri kuposa ine.

Komabe ulemu sadya, ndipo mayi a kunyumba, amene atopa ndi maulendo a chete, anandiuza kuti, "Bambo, kapena wayilesi iyankhule, kapena muziyankhula ndinu." Poona kuti njira yachiwiriyo ndi yoopsa, ndinagula kawayilesi ka mabatire ka ku China, n'kukabisa m'kabokosi ka kutsogolo, mlongoti wake utasuzumira pang'ono. Tsopano ndikafika ku tchalitchi ndimayatsa Blaupunkt kuti nyali yake ioneke, mawu ake nditatsitsiratu, kachitchainako kakuimba mobisika, ndipo akuluampingo amagwedeza mitu ndi kunena kuti za kale zinali zolimba, ine n'kuvomera modzichepetsa. Chinsinsichi akuchidziwa mdzukulu wanga yekha, amene Lamulungu lililonse amalandira ya fanta kuti atseke pakamwa, ndipo mwezi uno wandidziwitsa kuti, poti zinthu zakwera mtengo, akufunanso ndi bansi.