Sanakane ntchito, anachita kumugwetsa ulesi

Pali mawu amene mlembi wa danga lino akuwakonda kuposa nyama, imene anaidya komaliza pa Khirisimasi: kugwetsa ulesi. Ena amati kugwetsa mphwayi, zonse n'chimodzimodzi.

Kukoma kwa mawuwa n'koti wolakwa amakhala wina, chifukwa munthu sadzigwetsa yekha. Komanso kugwetsa ulesi n'kosiyana ndi kuletsa. Woletsa amanena poyera kuti "usapite". Wogwetsa ulesi amangotchula mtengo wa minibasi, munthu n'kuvula yekha nsapato n'kukhala pansi.

Chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, petulo n'kufika pa K2,530 lita imodzi, mlembiyu sanakanepo ntchito. Amangogwetsedwa. Denga likudontha? Mtengo wa malata wamugwetsa ulesi. Kukazonda apongozi ku Ntcheu? Mzere wa pa filing'i siteshoni. Ngongole ya pa okala? Nkhope ya mwini okalayo ndiye imagwetsa mphwayi ngakhale munthu wa mtima wabwino. Tsiku lina anakana kusamba, ati madzi azizira. Atamutenthetsera, anakhala m'bafa mpaka dzuwa kukwera, ati madzi ofunda amagwetsa ulesi wotuluka.

Tsoka lake n'loti mawu alibe mwini. Dzana mkuluyu anafika pakhomo njala itamupotokola, n'kupeza mbaula ili zii.

"Amake Chisomo, nanga nsima ija?"

"Thumba la makala landigwetsa ulesi, abambo. Mungadye mawu anu aja."

Chisomo naye wabwera ndi lipoti lofiira paliponse, akuti masamu amagwetsa mphwayi. Galu wasiya kuuwa usiku, ndipo poona mmene gaga wakwerera mtengo, palibe akumuimba mlandu.

Koma mabwana akayamba kunena pa wailesi kuti Amalawi ndi aulesi, mkuluyu amadzuka pampando, chinthu chimene sichichitikachitika. Mlimi amakhala ali kale m'munda pamene bwanayo akutembenuka pabedi. Pamene ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP imayamba mu 2020, thumba la feteleza linali K4,495. Kenako linafika pa K15,000, ndipo amene dzina lake lasowa m'kaundula amakaligula m'sitolo pa mtengo wopitirira K100,000. Akakolola, venda amabwera ndi sikelo yake komanso mtengo wake. Chaka chotsatira mlimiyo akalima theka la munda, n'chilungamo kumutcha waulesi? Ameneyo anachita kugwetsedwa, ndipo omugwetsawo ali ndi maofesi ndi galimoto zoyendera mafuta aulere.

Atanena zimenezi mkuluyu amakhalanso pansi, poti kuimirira nthawi yaitali kumagwetsa ulesi.

Owerenga amene sakugwirizana nazo alembe kalata kwa mkonzi. Nawo akonzi adziwiretu kuti sabata yamawa danga lino likadzapezeka lopanda kanthu, adzayambe aona malipiro a mlembi asanamuimbire foni.