Katswiri wonenerera mitengo afika ku Chiang Mai

Pa nkhani yonenerera mitengo ine sindidzichepetsa. Ogulitsa kaunjika akandiona ndikubwera amayambiratu kuusa moyo. Choncho mlamu wanga atandiitana ku Chiang Mai, mzinda wa kumpoto kwa Thailand kumene amagwira ntchito, ndinangoti anthu a kumeneko aona zakuda.

Ndinayambira pa msika wa Warorot, pafupi ndi mtsinje wa Ping. Pansi pake ndi zakudya zokhazokha: tsabola, zipatso zouma, zikopa za nkhumba zokazinga, ndi soseji yawo ya sai ua yomwe amaipinda ngati nkhata. Pamwamba ndiye nsalu. Njira yanga simaphonya. Ukamva mtengo umagwira m'mutu, n'kufuula kuti akufuna kukupha, kenako umanyamuka pang'onopang'ono kudikira kuti akuitane. Nditaiyesa pa mayi wina wogulitsa nsalu, iye anangomwetulira, n'kugundanitsa manja pachifuwa mwaulemu. Ndinayenda. Ndinachepetsa liwiro. Ndinatsokomola. Ndinangozindikira ndili pamsewu, wondiitana palibe. Ndinabwerera ndekha ngati wofuna chipewa chomwe ndaiwala, chonsecho ku Thailand sindinapite ndi chipewa.

Usiku tinapita ku Night Bazaar, mumsewu wa Chang Khlan. Kumeneko sataya malovu, nkhondo yake ndi ya pa kalikuleta. Mtsikana wogulitsa mabuluku ojambulidwa njovu analemba 400 baht. Ndinalanda kalikuletayo n'kulemba 150. Anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzaone. Tinakokanakokana, chala changa chikuchita thukuta, mpaka anagonja pa 300. Atalandira ndalamazo anayamba kumenyamenya nazo katundu wake yense.

"Alamu, mwaona? Wapsa mtima, ndamudyera," ndinatero.

"Ayi alamu, kuno amatero ndi ndalama za kasitomala woyamba, akuti zimaitana mwayi. Akuthokoza."

Titangodutsa mabenchi atatu tinapeza mabuluku omwewo atalembedwa 120 baht. Anthu osadziwa malonda angaganize zina, koma njovu za pa buluku langa n'zonenepa bwino kuposa zimenezo. Linang'ambika pakati usiku womwewo ndikukwera songthaew, magalimoto ofiira a mabenchi awiri kumbuyo omwe amanyamula anthu mumzindamu. Mpweya unkalowa bwino, ndipo ku dziko lotentha zimenezi n'zofunika.

Mbiri yanga inafika pachimake Lamlungu. Tsiku limeneli madzulo amatseka msewu wa Ratchadamnoen kuyambira pa chipata cha Tha Phae, msewu wonse n'kusanduka msika. Ndinali pakati ponenerera kanjovu kosema, ndipo nditangotchula mtengo wanga, msika wonse unaima nji. Wokazinga nthochi anasiya chipande, makamu a anthu osasuntha ngakhale phazi. Ndinatembenukira mlamu wanga monyadira. Iye anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti yakwana 6 koloko, akuimba nyimbo ya fuko. Mwina ndi zoona. Koma nthawi yake inangogwirizana kwambiri.

Ku mudzi wa Bo Sang, kumene amapanga maambulera a nsungwi ndi pepala lochokera ku makungwa a mtengo, sindinanenerere n'komwe. Nditaona mayi wachikulire akujambula maluwa pa ambulera ndi kaburashi, dzanja losanjenjemera, mawu anandithera. Ndinasankha yaikulu kuposa zonse. Musutikesi simalowa, ndipo mayi a ana atafunsa pafoni ngati imatchinga mvula, netiweki inavuta mbali yanga.

Ndinamalizira ku shopu ina yaikulu yam'mwambamwamba, yozizira moti ndinalakalaka juzi. Mtsikana wa pa thilu nditamufunsa mtengo womaliza, anandilozera pa skirini pomwe panali mtengo woyamba. Koma diso la katswiri silimagona. Pa paketi ya mabisiketi ndinaona kuti adzawonongeka chaka cha 2569. Ndinanyamula katoni yathunthu mwakachetechete, kuopa kuti eni shopu angazindikire chuma chomwe akutaya. Tili mugalimoto m'pamene mlamu wanga anayamba kufotokoza kuti kalendala ya ku Thailand imawerengera kuchokera pa nthawi ya Buddha, ndipo ili patsogolo pa yathu ndi zaka 543.

"Ndiye alamu, mabisiketiwa mudya liti onsewa?"

Ndinamuuza kuti nkhani za chuma cha masiye cha adzukulu anga asalowererepo.