Malungo a Sienta

Pa Kandeu, galimoto ikamadikira kuti idzaze, dalaivala sazimitsa injini. Amati akufuna okwera aone kuti ulendo wayandikira, koma tonse tikudziwa kuti ikazima ndi ife tomwe tikankhe. Ndiye mumakhala m'kati mwa Sienta muja, chiwongolero chikunjenjemera, zitseko zikulira, mano akugundana ngati muli ndi malungo.

Mukafunsa, yankho limakhala lokonzeka: "Bwana, pali anthu ansanje pasiteji pano."

Ansanjewo alipo ndithu, koma amakhala pansi pa boneti. Woyamba ndi fumbi la m'chilimwe, limene latseka fyuluta ya mpweya mpaka injini ikuchita befu. Fyulutayo sagula ina. Amaimenyetsa patayala kawiri n'kuibwezera. Wachiwiri ndi mapulagi. Sienta imeneyi ili ndi masilinda 4, ndipo pulagi imodzi ikaleka kuthetheka bwino, atatu otsalawo amasenza mnzawo, n'chifukwa chake galimoto imatsimphina ili chiimire. Kapaipi ka labala kakang'ambika n'kumalowetsa mpweya wosayenera, zimateronso.

Koma mfiti yaikulu ndi petulo wa m'zigubu. Ogulitsa ena amathiramo palafini kuti achuluke, ndipo chigubucho dzulo chinali cha mafuta ophikira. Chosefera ndi kansalu kapafanelo basi. Zinyalala zikafika ku mainjekita, injini imayamba chifuwa.

Makaniko akatchula mtengo wa mapulagi anayi, dalaivala amapukusa mutu, n'kuuza mnyamata wake akweze wailesi kuti okwera asamve.