Chimbalangondo, Fisi Kapena Khoswe: Mkangano wa Osanduka Nyama

Osewera Dungeons & Dragons sasowa chokangana, koma nkhani imene ili m'kamwam'kamwa m'masitolo a masewero ku America ndi ku Ulaya ndi ya nyama. Funso ndi lakuti munthu akapatsidwa mphamvu yosanduka chilombo, asanduke chiyani? Kwathu funso lotere ungakaliyankhe kwa mfumu. Kumeneko akuluakulu a ndevu zawo amalikambirana poyera, chitini cha chakumwa kumanja, buku lamalamulo kumanzere.

Kwa amene simunawaone, masewerowa anayamba mu 1974, ndipo anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America. Anthu anayi kapena asanu amakhala patebulo, aliyense ndi pepala lofotokoza munthu wongopeka amene akumuyimira. Mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, ndiye mwini nthano, ndiponso woweruza. Wina akafuna kulumpha mpanda kapena kubaya mdani, amaponya dayisi ya mbali 20, nambala n'kugamula. Pakati pa anthu ongopekawa pali druid, wansembe wa m'nkhalango, amene anthu anayamba kumusewera mu 1976. Iyeyu ndiye mwini luso losanduka nyama, lotchedwa Wild Shape, ndipo ndi iye wabweretsa mpungwepungwe wonsewu.

Gulu loyamba ndi la chimbalangondo, ndipo ndi lalikulu. Awa amayenda ndi masamu. Amati m'malamulo a 2014, druid wa gulu la Circle of the Moon akangofika levulo 2, ndiye kuti gawo lachiwiri la kukula kwa mphamvu zake, amatha kusanduka chimbalangondo chokhala ndi mapointi a moyo 34, pamene iye mwini mwina ali ndi 17 okha. Chimaluma, chimakandanso nthawi imodzi. Adani akachimenya mpaka mapointi 34 aja atha, druid amangobwerera m'thupi lake ali bwinobwino, n'kusandukanso kachiwiri. Amene amasewera ngati msilikali, atavala zitsulo thupi lonse, amangoti kukamwa yasa poona kuti mnzake wovala masamba wamulanda ntchito. Mnyamata wina akuti anadandaula kwa Dungeon Master kuti ndalama zonse zimene anagulira chishango zinapita m'madzi, bola akanagula uchi wodyetsa chimbalangondocho.

A mmbulu sagwirizana nazo. Iwo amati mmbulu waukulu uli ndi mapointi 37, khungu lake ndi lolimba kuposa la chimbalangondo, umathamanga kwambiri, ukaluma umagwetsa mdani pansi, ndipo ukakhala ndi mnzake pafupi suphonya kawirikawiri. Magulu awiriwa akakumana, pepala ndi pensulo zimatuluka, masewero n'kuima. Ena onse amapita kukagula chakudya, pobwera n'kupeza mlandu usanathe.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti onsewa amadumpha fisi. M'malamulo omwewo a 2014 muli fisi wamkulu, wa msinkhu umodzi ndi awiri aja, wokhala ndi mapointi 45, ndipo akagwetsa mdani mmodzi amaloledwa kulumphira wina nthawi yomweyo. Kunena za kupirira, fisi wawaposa onse. Koma anthu ochepa okha ndi amene amamusankha. Mtsikana wina akuti anafunsidwa chifukwa chake, n'kuyankha kuti sangapulumutse dziko atasanduka chinyama chodya zowola. Fisi dzina linamuipira kulikonse, ngakhale kumayiko kumene amangomuonera pa kanema.

Tsono pali lamulo limodzi la mu 2014 limene lasandutsa osewera ambiri akatswiri a bodza. Limati druid angasanduke nyama yokhayo imene anaionapo. Pamenepo ndi pamene mumamva mbiri za moyo zodabwitsa. Munthu amene dzulo ananena kuti druid wake anakulira m'kamudzi ka pamwamba pa phiri, osatulukamo, lero wakumbukira kuti ali mwana amalume ake anapita naye kunyanja, kuchipululu, ndiponso ku chilumba china kumene kunali madayinoso. Dungeon Master akafunsa kuti bwanji izi sizinalembedwe papepala, yankho limakhala lakuti mwanayo anachita mantha kwambiri moti sakonda kuzikamba. Woweruza wina, atatopa nazo, akuti analamula kuti aliyense alembe mndandanda wa nyama zimene anaona masewero asanayambe. Wosewera wake anabwera ndi masamba atatu, ndi nkhani yakuti bambo ake anali mlonda wa malo osungirako nyama.

Malamulo amenewo analinso ndi makwerero. Pa levulo 2 sungasanduke chosambira kapena chouluka. Pa levulo 4 madzi amatseguka, ng'ona n'kulowa. Kuuluka n'kwa levulo 8. Osewera atsopano izi zimawapweteka, chifukwa aliyense amabwera ndi maloto osanduka mbalame, n'kuuzidwa kuti ayambe wakwawa. Wina akuti anayesa kupempha kuti asanduke kadzidzi wothyoka phiko, poti ameneyo sauluka. Woweruza anamuyang'ana nthawi yaitali osayankha.

Ine mtima wanga uli ndi gulu laling'ono, la akhoswe ndi akangaude. Awa salabadira za kumenya. Amati khoswe ali ndi pointi imodzi yokha ya moyo, inde, koma ndani amaimitsa khoswe pachipata n'kumufunsa chiphaso? Kangaude amakwera khoma, n'kukhala kudenga la chipinda cha mfumu yoipa, n'kumva chiwembu chonse. Mphaka amagona pamiyendo pa mlonda. Zimene chimbalangondo chingachite pothyola zitseko zitatu, khoswe amachita podutsa pa kaboo kamodzi. Vuto lake ndi limodzi: nyumba za mafumu zimakhala ndi amphaka enieni, ndiponso antchito okhala ndi tsache. Nkhani ya druid wamphamvu amene anabwerera m'thupi la munthu pakati pa khitchini atamenyedwa ndi wophika imamveka pafupifupi patebulo lililonse, ndipo aliyense amalumbira kuti inachitikira mnzake.

Apa ndi pamene pali chokoma chenicheni cha masewerowa. M'malamulo a 2014, druid akasanduka nyama sayankhula, komanso sangaponye matsenga atsopano mpaka levulo 18. Nzeru zake zimakhalapo, pakamwa pokha ndiye patsekedwa. Ndiye taganizani khoswe wabwera ndi uthenga wakuti asilikali makumi awiri abisala kuseri kwa chitseko, koma safuna kubwerera m'thupi lake, poti mwayi wosanduka ndi kawiri kokha asanapume. Wosewerayo amayamba kulira ngati khoswe, kuloza ndi mphuno, kugogoda tebulo. Anzake amamasulira kuti akufuna chakudya. Ena amamasulira dala molakwika. Paja amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu amakhala wadziponyamo yekha, ndipo anzake amaseka mpaka misozi akutsegula chitseko chija.

Amatsenga a mabuku, otchedwa wizard, nawonso ali ndi zawo. Akafika levulo 7 amapeza matsenga a Polymorph, amene amasandutsa iwo eni kapena mnzawo kwa ola limodzi. Pamenepo, m'malamulo a 2014, mkangano umakhala pakati pa nyani wamkulu, wa mapointi 157, ndi Tyrannosaurus rex, wa 136, amene amaloledwa pa levulo 8. Koma matsengawa ali ndi msampha umene Wild Shape ilibe: amatenga ndi nzeru zomwe. Nyani uja nzeru zake ndi 7, akhoza kukumbukira kuti mnzake ndi uti. Dayinoso ali ndi 2. Mphunzitsi wamkulu wa matsenga, wodziwa zinenero zisanu, amasanduka chinthu chimene chimangoganiza za kuluma. Woweruza wankhanza amafunsa mwaulemu ngati chilombocho chikukumbukira pulani imene anagwirizana, ndipo patebulo pamagwa bata.

Mu 2023 kunatuluka kanema wa Dungeons & Dragons: Honor Among Thieves, ndipo mkangano unachoka patebulo n'kulowa m'nyumba zoonetsera kanema. Mmenemo druid wotchedwa Doric, amene anaseweredwa ndi Sophia Lillis, amasanduka owlbear, chilombo cha thupi la chimbalangondo ndi mutu wa kadzidzi. Anthu wamba anaombera m'manja. Akatswiri a malamulo anagwira kumutu, chifukwa m'buku owlbear sali m'gulu la nyama, ali m'gulu la zilombo zachilendo, ndipo druid saloledwa kusanduka zimenezo. Anawerenganso kuti pothawa m'nyumba ya mfumu mtsikanayo anasanduka ntchentche, khoswe, mphaka, gwape ndi zina, kuposa kawiri kololedwa. Chaka chomwecho masewero a pakompyuta a Baldur's Gate 3, opangidwa ndi Larian Studios ya ku Belgium, analolanso owlbear. Kuyambira pamenepo Dungeon Master aliyense amayenera kukhala ndi yankho lokonzeka, chifukwa wosewera watsopano amafika atasankha kale.

Kampani ya Wizards of the Coast, eni masewerowa, inayesa kuthetsa phokoso. Poyesa malamulo atsopano mu 2023 inabwera ndi maganizo akuti nyama zonse zichoke, pangotsala zitsanzo zitatu: ya pamtunda, ya m'madzi ndi ya mumlengalenga, wosewera azingotchula dzina limene akufuna. Osewera anakana kwamtuwagalu. Zinaoneka kuti anthu omwe ankadandaula za kutsegula mabuku pakati pa nkhondo sankafuna kuti wina awalande mabukuwo. Kufufuza nyama m'masambamo kuli ngati kufukula pa kaunjika: wogula amadandaula fumbi, koma mutamupatsa malaya opindidwa kale akhoza kukwiya.

Buku latsopano la 2024 linabwezera nyama zija, koma ndi malire. Druid tsopano amasankhiratu nyama zinayi pa levulo 2, zisanu ndi imodzi pa levulo 4, zisanu ndi zitatu pa levulo 8, ndipo akagona usiku angasinthe imodzi. Mapointi a moyo a nyamayo satenganso. Amasunga ake, n'kuwonjezeredwa ena apamwamba. A chimbalangondo anakhuza maliro. A khoswe anakondwa kuti tsache la wophika silingawaululenso pa kumenya kamodzi. Kenaka buku la zilombo la 2025 linachotsa chiwombankhanga chachikulu m'gulu la nyama n'kuchiika m'gulu la zolengedwa zakumwamba, moti amene anapirira mpaka levulo 8 kuti achisanduke anapeza chakwezedwa pantchito.

Ndipo nyamazo tsopano zimayankhula. Khoswe akhoza kubwera n'kunena momveka bwino kuti kuseri kwa chitseko kuli asilikali makumi awiri. Ambiri akuti izi zafewetsa zinthu, ndipo n'zoona. Koma pa matebulo ena anthu agwirizana kuti lamulo limeneli saliona. Woweruza wina akuti anauza wosewera wake kuti ali ndi ufulu wonse woyankhula monga buku likunenera, anzake anayi n'kuvota kuti apitirize kulira ngati khoswe.