Asilikali Aganyu a M'thanki ya Bwana

Ife obadwira m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota kukafika ku Mangochi, tidaleredwa ndi chiphunzitso chimodzi chokha pa nkhani ya nsomba, chimene makolo athu sadaone chifukwa chochilembera m'buku, ndicho chakuti nsomba ili ndi malo awiri pansi pa thambo, m'madzi isanagwidwe ndi m'mbale itagwidwa; tsono munthu wa chiphunzitso chotere akapezeka mu mzinda wa Durban, atavala ovolosi, akulandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa chopukutira nsomba magalasi ndi kuziyezera madzi, ayenera kumveredwa chisoni ndi abale ake onse, ndipo munthu ameneyo, inu awerengi, ndine.

Bwana amene ndimawasamalira pakhomo ali ndi thanki yagalasi m'chipinda chochezera, yaitali kuposa bedi limene ndimagonapo, m'mene adatsekeramo kachigawo ka nyanja yamchere pamodzi ndi miyala yake, makorali ake, ndi nsomba zamawangamawanga zimene zonse pamodzi sizingakwane ndiwo za mwana mmodzi. Madzi ake sitichita kutunga, timachita kuwapanga, magalamu 35 a mchere pa lita iliyonse, ndi kuwafunditsa kuti asachoke pa madigiri 25, pakuti makorali, chinkana munthu angawayese miyala kapena maluwa, ndi nyama zamoyo, ndiponso nyama zosachedwa kukwiya. Tsiku lina ndidayesa kuwakumbutsa bwana kuti mbuna za kwathu, zimene anthu a ku Ulaya amachita kuziitanitsa pa ndege, zimakhala m'madzi opanda mchere ndipo sizidandaula. Iwo adangomwetulira, nandipatsira kabotolo koyezera.

Mavuto adalowa pakhomo atabisala m'mwala. Eni matanki otere amagula miyala imene idakhalapo kale m'madzi amchere, chifukwa imadza ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timayeretsa madzi. Koma mwala wokhalitsa m'nyanja uli ndi alendo ake, ndipo pa mwala wina, umene bwana adagula atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wautali, padatuluka kanthu kofiirira, koonekera mkati, kokhala ndi tsinde ndi timanja tambiri pamwamba, kofanana ndi kamgwalangwa koti kangalowe m'bokosi la machesi. Ine, pokhala mwana wa anthu olemekeza alendo, ndiponso pokumbukira kuti mlendo ndi mame, ndidakalandira ndi manja awiri, ndipo madzulo alionse ndinkakaponyera nyenyeswa ya chakudya, imene kankailandira ndi ulemu woposa wa nsomba zonse za m'menemo. Bwana atabwera ndidawatsogolera ku thanki nditatukula chifuwa, kuti aone duwa limene kapolo wawo wokhulupirika adalera. Iwo adagwira mutu, nakhala pansi, natchula dzina lakuti Aiptasia ndi liwu lolengezera maliro.

Tsono kanyama aka, kamene akatswiri adakasintha dzina m'chaka cha 2014 nakatcha Exaiptasia, khalidwe lokha n'kulisiya momwemo, ndi mbale wa makorali omwewo, ndipo kamawazunza ndi udani wa pachibale. Timanja take tili ndi mbola, kotero kuti korali loyandikana nako limapsa, kufota, ndi kufa. Ndipo kakaputidwa kamalavula tiulusi toyera taululu. M'thupi mwake mumakhala ndere zazing'onozing'ono zokapangira chakudya kuchokera ku kuwala kwa nyali, komanso kamagwira chilichonse chodutsa pafupi. Mukakabisira kuwala kamangoyera thupi osafa, n'chifukwa chake kamakhala mwamtendere m'mapaipi ndi m'ngodya zamdima m'mene diso la munthu silifika. Koma chozizwitsa koposa zonse ndi kaberekedwe kake. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ndipo palibe cholengedwa pa dziko kapena m'madzi chimene chidamvera mwambo umenewu mokhulupirika kuposa ichi, pakuti kakamasuntha pa mwala kamasiya tizidutswa ta phazi lake m'mbuyo, ndipo kachidutswa kalikonse, pakapita masiku owerengeka, kamamera pakamwa ndi timanja, n'kukhala kanyama kathunthu kokonzeka kusiyanso phazi lake. Izi ndidazimvetsa bwino lomwe nditamaliza kukwecha mwala wonse ndi bulashi, ntchito imene ndidaigwira ndi mphamvu zanga zonse, imenenso mpaka lero ndimati inali yabwino, kungoti pamene panali mmodzi padadzuka fuko.

Za jakisoni ndingozidutsa msanga, poti si zoyenera kukambidwa za munthu wa ana. Pali obaya mdaniyu ndi madzi a mandimu, pali obaya ndi madzi owira, pali omuthira phala la njereza pakamwa. Koma singano isanafike iye amadzikokera m'dzenje, ndipo munthu umatsala uli chiimire pa mpando, mkono uli m'madzi mpaka m'khwapa, ukubaya mwala.

Apo m'pamene bwana adalamula kuti tileke kumenya tokha nkhondo, tilembe asilikali aganyu. Nzeru imeneyi si yopusa ayi, pakuti ngakhale kwathu, namasupuni atayamba kutseka mtsinje wa Shire, akatswiri adabwera ndi tinankafumbwe ta ku South America, kwawo kwa namasupuniyo, kuti tizimudya. Chimene ogulitsa sakonda kuchinena n'chakuti msilikali aliyense amabwera ndi mimba yake, ndiponso ndi maganizo akeake pa za chimene chiyenera kutchedwa ndiwo.

Oyamba kulembedwa anali abale a nkhanu, ang'onoang'ono, amizere yofiira, otchedwa peppermint shrimp, amene kwawo ndi ku Florida ndi ku nyanja ya Caribbean. Mwini sitolo ina adalumbira kuti pofika Loweruka mdani adzakhala nthano. Adafikadi, ali ndi malinunda pamsana, akuvinavina pa mwala, ndipo ntchito adaiyamba usiku womwewo, koma inali ntchito yodya makorali ofewa amene adona amawakonda, Aiptasia n'kumamulambalala mwaulemu. Zidadziwika pambuyo pake kuti amenewa sanali a ku Florida konse, koma ena ofanana nawo malaya, otchedwa Rhynchocinetes durbanensis, ndiko kuti eni mudzi a ku Durban konkuno. Ndipo ine, mlendo woyenda ndi pasipoti m'thumba, ndidaona kuti si malo anga kukangana ndi nzika. Enieniwo atapezeka, tidaphunzira kuti nawonso si a mimba imodzi, pakuti m'chaka cha 2006 Andrew Rhyne ndi Junda Lin adasonyeza kuti amene ankagulitsidwa pa dzina limodzi la Lysmata wurdemanni anali mitundu ingapo, ndipo osunga matanki amachitira umboni kuti si onse ali ndi njala ya Aiptasia. Athuwo adadya makanda a mdani, akuluakulu n'kuwasiya. Ndipo atazindikira kuti madzulo alionse mana amagwa kuchokera kumwamba popanda thukuta, adagamula kuti kumenya nkhondo n'kutaya nthawi. Lamulo lake, atero odziwa, n'lakuti uziwamana chakudya kuti agwire ntchito, lamulo limene ine, monga wantchito mnzawo, ndidalivomera pamaso pa bwana ndi kuliphwanya iwo akatembenuka.

Adatsatira mfumukazi, nsomba yotchedwa Chelmon rostratus, yopyapyala, ya malamba a mtundu wa mkuwa, ya mlomo wautali wofika m'ming'alu, ndi diso lonama chakumchira losokonezera adani. Iyi ikafuna imasesa thanki yonse, koma kufuna kwakeko palibe angakulamule. Zambiri za mtundu wake zimakana chakudya cha m'sitolo mpaka kuwonda ndi kufa, ndipo yathuyi idayamba yamaliza nyongolotsi zokongola zamaluwa zimene bwana ankaonetsa alendo, kenaka n'kulowa m'nyengo ya kusala. Taonani tsono mwana wa msodzi, amene atate ake ankadzaza bwato ndi usipa tambala asanalire, ali pa mpando ndi nkhono ya m'nyanja yotsegula kumanja, akunyengerera nsomba kuti ilaweko: “Idyani, mayi, chonde idyani, ntchito yanga ili m'kamwa mwanu.” Yobwera pambuyo pake, Acreichthys tomentosus, yokhakhala khungu ndi yosaoneka bwino nkhope, idadya mdani ndithu, ndipo itamaliza amene anali poyera idapitirira ndi makorali, posaona pamene malire a munda adathera. Onse awiri adabwezedwa kumene adachokera, popanda kalata yowachitira umboni.

Mpulumutsi weniweni adafika m'kabotolo, wochokera kwa mnzawo wa bwana, ndipo nditamuona ndidafuna kuseka: nkhono yopanda chigoba, yotumbuluka, ya timphonje pamsana, yaitali pafupifupi masentimita 2, yotchedwa Berghia stephanieae, imene Ángel Valdés adailembetsa m'mabuku a sayansi m'chaka cha 2005 ataipeza pakati pa zamoyo za ku Florida. Iyi ndiye mnaziri wa m'nyanja, wa chowinda chosasweka, pakuti sidya korali, sidya ndere, sidya mana a m'sitolo, koma Aiptasia yekha, ndipo imamudya mpaka phazi, osasiyako mbewu. Koma isanalowe padafunika kuchotsa asilikali oyamba aja, poti iwo, amene ankanyansidwa ndi mdani, nkhono iyi amaidya ndi chimwemwe. Apa ndiye padaoneka phindu la kubadwa kwanga: ndidadula botolo la pulasitiki, n'kulowetsa khosi lake chamkati, n'kuikamo nyambo, ndipo mono umenewu udawakola onse, bwana akuomba m'manja. Aka kanali koyamba kuti ndisodze chifikireni m'dziko lino, ndipo zosodzazo sindidaloledwe ngakhale kuzinunkhiza pa moto.

Nkhonozo zitalowa m'madzi zidazimirira m'miyala, ndipo kwa masabata ambiri sitidazione, poti zimayenda usiku basi. Bwana ankawerenga marandi amene adapita, ankandiyang'ana ine, ankayang'ananso pampu, imene ili ndi mbiri yomeza nkhono zotere. Ine ndinkangoti, “Bwana, kuona maso a nkhono n'kudekha,” ndipo pofuna kuti mwambi usandichititse manyazi ndinkadzuka pakati pa usiku ndi tochi, kukwawa m'chipinda cha eni ake, mpaka nditaona mazira oyera opota mozungulira pansi pa mwala. Nkhono iliyonse mwa izi ndi mwamuna ndiponso mkazi, kotero kuti pokumana ziwiri zonse zimabalalika zili ndi mazira, ndipo ana ataswa nakula, mdani adayamba kuchepa, lero mwala uwu, mawa uwo, kufikira pakutha pa miyezi ingapo panalibe wotsala poyera.

Walira mvula walira matope. Mnaziri sasintha chowinda chifukwa choti nkhondo yatha. Aiptasia akasowa, nkhono izi zimafa ndi njala pa masiku owerengeka, pamene mdani wobisala m'mapaipi akungodikira kuti maliro athe. Tsono bwana, ataganiza mozama, adagamula kuti asilikali asungidwe, ndipo kuti asungidwe pafunika chakudya chawo, ndipo kuti chakudya chipezeke pafunika mlimi. Lero kuseri kwa garaja kuli zidebe za madzi amchere, m'mene ine ndimalera Aiptasia ndi manja anga, kumudyetsa pa nthawi yake, ndi kumucheka phazi ndi kalumo kuti achulukane. Ndipo iye, pozindikira kuti tsopano ndikumufuna, wayamba kubereka mwaulesi. Bwana amanditonthoza kuti m'mayunivesite akuluakulu anthu ophunzira amaweta kanyama komweka pofufuza chimene chimayeretsa ndi kupha makorali nyanja ikatentha, ndiye kuti ine ndi iwo ntchito yathu ndi imodzi, kusiyana malipiro okha.

Mayi a ana atandiimbira foni kufunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji kuno, poti achibale akufunsa, ndidawayankha kuti bwana adandikweza, tsopano ndili ndi dimba langalanga, ndipo mbewu yake ndi yosafa ndi chilala. Iwo adakondwa kwambiri, ndipo andilamula kuti wa basi akamabwera mwezi wamawa ndiwatumizireko yobzala.