Timabodi Totsala

Loweruka lapitali ndinachoka pa kagulu kathu ka achinyamata okonda zamawaya nditakwiya zedi. Maphunziro atatha, m'katoni munatsala timabodi ta Arduino Uno, ndipo tinagwirizana kuti tipatse amene akhala akuthandiza. Basi, nkhani inali yomweyo. Koma m'tauni muno fungo la zaulere limafika kutali kuposa la kanyenya wa pamsika.

Pofika masana holo inali itadzaza ndi nkhope zachilendo, aliyense ndi mbiri ya thukuta lake. Wina anati ndiye anabwereka benchi tsiku lotsegulira. Wina anati ankatipempherera ali kunyumba. Mayi wina anafuna tiwiri, kamodzi ka mwana wake, kena ka mwana amene akuyembekezera.

Kenako analowa achimwene a suti, aja amene sasowa pa wekishopu iliyonse, kaya ya edzi, kaya ya ulimi wa mbuzi. Amafika nthawi ya nkhomaliro, amaima pakati pojambula chithunzi, amasaina kawiri pa pepala la alawansi. Anatola kabodi, kukatembenuza, kukagwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa kuti simukhadi imalowa pati.

Tinawafotokozera mwaulemu kuti Arduino inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, kuti ophunzira azitha kuyatsa timagetsi ndi kuzunguza timamota popanda kugula zipangizo zodula. Mapulani ake ali poyera pa intaneti, aliyense atha kupanga kake. Mkati mwa ka Uno muli kachipu ka ATmega328P kosunga 32 KB yokha, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha paukwati.

"Ndiye WhatsApp mulibemo?"

"Mulibe, achimwene."

"Nanga alawansi?"

"Palibe."

Anapukusa mutu, kudandaula kuti dziko lapita, n'kulowetsa titatu m'thumba la jekete.

Apa m'pamene mtima unandiwawa. Mtsikana amene wakhala akusesa holo ndi kuphunzitsa anzake kuwotcherera mawaya anaima kumbuyo, manja kumsana, chifukwa analeredwa kuti akulu ayambe. Katoni inamufika ili ndi timapepala ta pulasitiki tokha. Kwathu kuno ulemu umalipidwa ndi katoni yopanda kanthu, pomwe chigongono chimapita kunyumba ndi katundu. Timabodi tija lero tagona m'makabati a pabalaza, pakati pa mbale za alendo ndi satifiketi za mawekishopu, ndipo alendo akuuzidwa kuti ndi kompyuta ya ku Ulaya.

Lolemba m'mawa achimwene a suti anaimba foni, mawu akunjenjemera. Analumikiza kabodi kamodzi ku chaja, ndipo kagetsi ka pa pini 13 kanayamba kuphethira, monga mmene ophunzira anakasiyira.

"Akulu, kakuthwanima! Ndiye kuti ndalama zalowa?"

Ndinawauza kuti adikire, zimalowa pakutha pa mwezi.