Mazira a azakhali ndi ntchito zitatu zolimbirana kiyi

Makina oswetsera mazira omwe ndinapangira azakhali anga a ku Mchinji anapha anapiye onse asanaswe, ndipo wolakwa ndine. Ndikuulula chifukwa anzanga ambiri ayamba kugula timabolodi totchipa n'kumalembapo mapulogalamu oyendetsa mapampu ndi mahita, ndipo dzenje lomwe ndinagweramo lili panjira yawo.

Dzira la nkhuku limafuna kutentha kwa madigiri 37.5 kwa masiku 21. Kukapitirira kwa nthawi yaitali, kamwana kamafera m'chikhokhombe. Choncho pulogalamu yoyang'anira hita siingayankhe mochedwa.

Ndinagwiritsa ntchito FreeRTOS, yomwe imalola kugawa pulogalamu m'ntchito zingapo, iliyonse ndi udindo wake. Purosesa imagwira imodzi pa nthawi, ndipo ya udindo waukulu ikakonzeka imalanda malo. Ndinalemba zitatu. Yaikulu inkawerenga sensa n'kuyatsa kapena kuzimitsa hita. Yapakati inkatumiza uthenga ku foni yanga. Yaing'ono inkalemba manambala pa kasikirini. Sensa ndi kasikirini zinali pa mawaya amodzi a I2C, ndiye ndinaikapo kiyi, binary semaphore, kuti ziwiri zisalankhule nthawi imodzi. Pa tebulo langa ku Lilongwe zonse zinkaoneka ngati zikuyenda bwino.

Kumudzi netiweki imabwera n'kumapita. Usiku wina ntchito yaing'ono inatenga kiyi kuti ilembe pa sikirini, hita ili yoyaka. Isanamalize, yapakati inadzuka n'kuilanda purosesa, ndipo poti uthenga sunkapita, inangozungulira ikuyesayesa osapumira. Yaikulu inadzuka nthawi yake itakwana, n'kupeza kiyi palibe, n'kukhala pansi kudikira. Zinali ngati mfumu ikudikira kiyi wa nkhokwe yemwe ali m'thumba la mwana, mwanayo nduna yamugwira panjira ikumutuma zina. Hita inapitiriza kuyaka.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi watchdog, kawotchi komwe kamayambitsanso makina pulogalamu ikasiya kuyankha. Poyesa, kankayambitsanso bolodi pafupipafupi, ine n'kukazimitsa ndikuganiza kuti kakundisokoneza, chonsecho kankandichenjeza za ntchito yapakatiyo.

Azakhali anaimba m'mawa. "Mwana wanga, bokosi lako likutentha ngati uvuni. Ndichite bwanji?"

"Zimitsani, azakhali, mutsegule chitseko. Ndikubwera."

Mazira anali atasukusa kale. Anawagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo sanandikalipire, zomwe zinandilemera kuposa kukalipiridwa.

Pofufuza ndinapeza kuti vutoli lili ndi dzina, priority inversion, ndipo ndi lakale. Chombo cha Mars Pathfinder chitatera pa Mars pa 4 July 1997, kompyuta yake, yoyendera VxWorks, inayamba kudziyambitsanso yokha. Ntchito yaing'ono yotolera za nyengo inkagwira kiyi, zapakati n'kuiphangira purosesa, ndipo yaikulu yogawa uthenga m'chombomo inkaphonya nthawi yake. Akatswiri a ku JPL, omwe ankayendetsa chombocho, analibwereza vutolo pa makina ofanana omwe anali nawo pansi pano, n'kutumiza kusintha ku Mars. Iwo chombo chawo chinapulumuka chifukwa watchdog wawo anamusiya ali maso: pulogalamu inkaona kuti nthawi yaphonyedwa n'kuyambiranso.

Mankhwala omwe anagwiritsa ntchito anali atalembedwa kale mu 1990 ndi Lui Sha, Ragunathan Rajkumar ndi John Lehoczky. Amatchedwa priority inheritance. Ntchito yaing'ono ikagwira kiyi yemwe yaikulu ikumufuna, imabwerekedwa udindo wa yaikuluyo mpaka itabweza kiyi, motero yapakati singaidule. Mu FreeRTOS, kiyi wotchedwa mutex ali nazo zimenezi, binary semaphore ilibe. Kusiyana kwake ndi mzere umodzi wa pulogalamu, ndipo zinalembedwa poyera m'malangizo omwe ndinangowadumpha.

Koma sindikhulupirira kuti mutex yokha ikanakwanira. Ndinayamba ndi funso loti ndigawe ntchito zingati, m'malo mofunsa kuti ndi iti yomwe ikachedwa chinthu chimafa. Makina ang'ono ngati awa sankafunikanso ntchito zolandana purosesa. Njira yakale ya cyclic executive, pomwe pulogalamu imazungulira ndandanda imodzi, gawo lililonse ndi nthawi yake yoikika, ikanandilola kuwerengera papepala kuti sensa iwerengedwa liti.

Ndinalembanso motero. Gawo la uthenga tsopano limayesa kamodzi n'kupitirira, silidikira netiweki. Watchdog ndinamubwezera, ndipo gawo la hita lokha ndilo limamuuza kuti pulogalamu ikuyankha. Pa waya wa hita ndinaikapo thermostat yachitsulo yomwe imadula moto kutentha kukapyola, kaya pulogalamu ili moyo kaya yafa. Ngongole ya azakhali ndikubweza mwezi ndi mwezi. Makina atsopanowo ndikuwayesa opanda mazira, nditazula eriyo ya foni ndi kusokoneza dala mawaya a sikirini, ndipo sapita ku Mchinji mpaka atatha masiku 21 akuyenda chomwecho.